Mabotolo opanda madzi pakhomo la supavaiza

Chaka chachiwiri cha korona ndinali mlonda pa chinyumba china cha maofesi ku Al Aziziya. Amalawi tinalipo angapo, ena anali Anepali ndi Aganda. Matenda atavuta, kampani inachotsa makina a madzi ozizira amene ankakhala pageti, ati tikupatsirana korona pogwira mpopi umodzi. Aliyense azibwera ndi madzi ake, basi. Botolo limodzi shifiti yonse, padzuwa la Doha, masiki ali kukamwa! Likatha umapita kumpopi wa kuchimbudzi, komwe madzi ake ankachokera m'thanki ya padenga, otentha oti n'kusosolera nkhuku.

Ine masiku amenewo ndinkayenda monyang'ama. Malamulo anali atasintha, munthu ankatha kusamukira ku kampani ina popanda kupempha bwana, ndipo ine ndinali nditaapulaya ntchito yoyendetsa galimoto pa hotela ina cha ku Corniche. Koma kukampu komwe tinkagona kunkamveka zoti ukawakwiyitsa mabwana transifa isanadutse, amakukansela ayidi yokhalira m'dzikomo, uone uli pa eyapoti. Kaya zinali zoona kaya ayi, sindinafune kuti ziyesedwere pa ine.

Pakati pathu panali bambo wina wachikulire wa ku Machinga, Msilamu wofatsa, amene tinkangomuti a Shehe ngakhale sanali shehe. Tsiku lina m'basi anatifotokozera zomwe anachita amayi awo nthawi ya atsamunda. Mzungu wa esiteti anatchinga kasupe ndi waya chaka cha chilala, ndiye azimayi a m'mudzimo ankadzuka m'mamawa kukasanja mitsuko yopanda madzi pageti pake, n'kumabwerera osalankhula kanthu. Mzunguyo akaiphwanya, mawa lake azimayiwo ankabweretsa ina, mpaka waya anachotsedwa. A Shehe anati ifenso tizisiya mabotolo athu akatha pakhomo la ofesi ya supavaiza, popanda chipongwe, popanda kujomba.

Anzanga anasangalala. Ine mtima unandiuza zina. Unali mwezi wa Ramadani, a Shehe anali akusala, masana sankalawa ngakhale dontho. Nanga madziwo ankawafuniranji? Kuno ndinali nditaonapo munthu wogona naye chipinda chimodzi, wodya naye mbale imodzi, ali khutu la bwana. Ndinaganiza kuti mwina atumidwa kuti aone amene ali ndi mwano. Komabe ludzu silinamizika. Botolo langa ndinakasiya, koma nditayamba ndaona kumene kamera yaloza, chipewa nditachitsitsa mpaka m'maso.

Mabotolowo supavaiza anangowakankha ndi phazi, akutukwana. Mawa lake anawapeza ochuluka, chifukwa Anepali anali atalowa nawo. Kenako Aganda. Iye ankatizungulira mmodzimmodzi kufunsa amene anayambitsa, ife tonse n'kumangoti mafi malum, sitikudziwa. Kunena zoona ndinkachita mantha.

Ndiye masana ena ndinawaona a Shehe akulowa mu ofesi muja, chitseko n'kutseka. Anakhalitsamo. Supavaiza atatuluka anandiyang'ana kwa nthawi ndithu. Ndinati eya, si izi, dzina langa laperekedwa, ya hotela ija yapita. Ukali unandigwira moti botolo ndinali nalo m'manja ndinaliphwanya osadziwa.

A Shehe ndinawapeza kuseri kwa basi tikudikira kuweruka. Ulemu sindinauchotse, koma ndinawafunsa mosabisa.

"A Shehe, mwatigulitsa zingati?"

Anandiyang'ana, milomo ili gwa, yong'ambika ndi ludzu. Anandiuza kuti supavaiza analamulidwa kupereka dzina limodzi pofika madzulo, ndipo anali atasankha langa, poti mabwana ankadziwa kale kuti ndikufuna kuchoka.

"Ndamuuza kuti ndi ine ndekha. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mwanawe. Iwe uli ndi kopita."

Ngakhale pamenepo sindinakhulupirire zonse. Ndani anauza mabwana za transifa yanga, pomwe ndinkainong'ona m'chipinda chathu mokha? Usiku umenewo ndinayang'ana anzanga ogona nawo mmodzimmodzi, aliyense akuoneka ngati ndi iyeyo. Mpaka lero sindimudziwa.

A Shehe anawachotsa pa shifiti m'mawa mwake. Anawasunga kukampu, ndipo Idi isanafike anali atakwera ndege. Kampani inati kontirakiti yawo inali itatha kale, iwo sanatsutse. Ponditsanzika anangondipempha kuti ndikayamba ntchito yatsopano ndidzawaimbire.

Makina aja anabwezedwa pageti patangopita tsiku a Shehe atachotsedwa, pamodzi ndi timakapu tapepala ndi chikalata choti tizisamba m'manja tisanagwire mpopi. Anzanga anaima pamzere akuseka. Ine ndinayamba ndanunkhiza madziwo, ndimomwe ndinaliri nthawi imeneyo, kenako ndinamwa. Anali ozizira mpaka mano kuwawa.

Transifa yanga inadutsa. Nditawaimbira, a Shehe anali panjinga, akuchokera kukatunga madzi kutali, poti mjigo wa m'mudzi mwawo unali utauma. Sanafunse za hotela. Anangofunsa ngati makina aja akadalipo pageti, ndiponso ngati madzi ake amazizira bwino.