Liwiro Lofikira kwa a Getrude

A Jairos Tembo a ku Chiparamba anaphunzitsa sayansi mpaka kupuma pantchito, koma mutu wawo sunapume nawo. Anzawo akamadandaula za feteleza, iwo ankakhala pakhonde n'kumawerengera liwiro limene chombo cha mumlengalenga chingafunike kuti chichoke padziko lino n'kukafika kudziko la Mars. Chonsecho munthu wake ngakhale ku Lusaka anangopitako kamodzi.

"Sulunjika pamene dzikolo lili lero," ankatero kwa aliyense wolakwitsa n'kuwapatsa moni. "Nalonso likuyenda. Umanyamuka pa liwiro loyenera, n'kuzungulira, kuti mukakumane kumene lidzakhale."

Akazi awo atamwalira, nyumba inawakulira. Anasungulumwa kwambiri, ndipo patapita zaka mtima unagwera a Getrude, mayi wamasiye wogulitsa mtedza, amene Loweruka lililonse ankayenda wapansi popita kumsika, dengu lili pamutu. Koma kufunsira mbeta kunkawaopsa kuposa masamu onse. Choncho anaganiza zokumana nawo ngati mwangozi pamphambano, pamene njira yotsetsereka yochokera kusukulu imalowa mumsewu. Anayeza mayendedwe a mayiwo ali chapatali, anayezanso kapalasidwe kawo ka njinga, mpaka masamu anagwirizana.

Tisawanamizire, masamuwo anali olondola. A Getrude atangofika pamphambanopo, njinga nayo inatulukira. Koma chombo chikafika chimayenera kuchepetsa liwiro, apo ayi chimapitirira, ndipo zimenezi a Tembo anaphunzitsa ana ambirimbiri. Mabuleki a njinga yawo okha ndiwo sanalowe nawo m'kalasimo, ndipo tsikuli anakana kugwira. Munthu waulemu amatsika panjinga popereka moni; iwo anangodutsa ngati mphepo, n'kusiya "Mwadzu..." yekha m'mbuyo, mpaka kukagwera m'munda wa thonje wa eni ake.

Anakhala pansi pomwepo manyazi atawagwira, akudziwa kuti zawo zada. A Getrude anatula dengu n'kubwera osathamanga n'komwe.

"Aphunzitsi, mwavulala?"

"Ayi, mayi. Kungoti ndinawerengera kuti..."

"Ndakhala ndikukuonani mukundiyeza kuseri kwa mtengo wa mango uja. Mpaka ndinayamba kuyenda mofanana masabata onsewa, kuopa kukusokonezerani." Anawachotsa thonje limene linamatirira paphewa la jekete. "Komatu nyumba yanga siyenda, bambo. Ili pomwe paja. Bwerani mawa tikaweruka kutchalitchi, ndipo chonde mubwere wapansi."