Kiyi Amene Ndinataya ku Chipoka

Amuna anga anali munthu wotaya zinthu. Magalasi, chipewa, ngakhale choko chimene anali nacho m'manja akuphunzitsa, zonse zinkawathawa. Wosunga ndinali ine. Pa ntchito yanga yosoka sindinkataya ngakhale singano, ndipo ndinkaonetsetsa kuti Chipoka yonse, kumene anawatumiza kukaphunzitsa, ikudziwa zimenezi. Ndivomere, pakamwa panga panali pakuthwa. "Tsiku lina mudzataya mutu," ndinkawauza, iwo n'kumangoseka.

Patapita zaka zingapo chibwerere matipate, achimwene awo amene ankagwira ntchito ku Joni anatisiyira galimoto atabwera kudzaona abale. Inali ndi makiyi awiri a mitu yakuda, yonenepa. Amuna anga anatenga mmodzi, winayo n'kundipatsa ine anthu akuona. "Uyu asunge ndi amayi," anatero, "kwa iwowa sikusowa kanthu." Kuyendetsa sindinkadziwa, koma kiyiyo ndinkamumanga pamfundo ya chitenje n'kumayenda naye monyada.

Ndinamutaya m'mawa wina kudoko. Ndinagula usipa wodzaza beseni, ndipo posowa nkhata ndinavula chitenje chapamwamba n'kuchipinda. Pofika kunyumba mfundo inali itamasuka. Ndinabwerera, ndinafukula mchenga ndi zala mpaka amayi ogulitsa nsomba anayamba kufunsa chimene ndataya. Ndinati batani.

Kuulula kunandikanika. Zaka zonse zija ndikuwanyogodola, ndikanayambira pati? Galimoto inkangoyenda Lamulungu ndi pakutha pa mwezi, kusukulu ankapita wapansi. Choncho tsiku lina ali m'kalasi ndinatenga kiyi wawo m'thumba la jekete, ndinakwera minibasi mpaka ku boma, kwa bambo wina wodula makiyi a maloko pafupi ndi msika. Anandidulira wofanana ndendende, wa mutu wakuda womwe. Ndinamupachika pamsomali kuchipinda, mtima n'kukhala pansi.

Bodza langa linakhala pamsomalipo miyezi ingapo. Kenako kunabwera chinkhoswe cha mwana wa mphunzitsi mnzawo ku Khombedza. Amayi atatu a kwaya yathu anali atakwera kale kumbuyo, amuna anga ali pakhomo kupisapisa m'matumba monga mwa masiku onse.

"Amayi, tipulumutseni ndi wanu uja," anatero.

Ndinakamutenga, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinaponyanso mawu: "Popanda ine bwenzi mukuyenda bwanji inu?"

Kiyi analowa bwinobwino, anatembenuka, injini inakhosomola, koma kulira ayi. Anayesanso, chimodzimodzi. Abambo oyandikana nafe anabwera, wina kugogoda batire, wina kununkhiza petulo. Anaikankha mpaka cha kunjanji n'kuibwezanso, thukuta lili kamukamu. Mayi mmodzi anayamba kunong'ona za anthu ansanje. Ndiye amuna anga, pofuna mpango wopukutira kumaso, anatsegula chikwama chawo, kiyi wawo n'kugwa kuchokera m'buku la nyimbo. Atamuyesa, galimoto inalira nthawi yomweyo.

Anagwira makiyi awiriwo m'manja n'kuwayang'anitsitsa. Wanga mano ake anali onyezimira ngati supuni yatsopano. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Nanga winayo walakwa chiyani, aphunzitsi?" anafunsa bambo amene ankagogoda batire uja.

"Ameneyu ndi wodulitsa," anayankha amuna anga. "Weniweni ndinabwereka kwa amayi n'kumutaya, ndiye ndinakadulitsa mwakabisira kuopa kukalipiridwa."

Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina anandimenya pantchafu, amvekere, "Koma muli ndi ntchito inu!" Nanenso ndinaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko kumandichititsa manyazi mpaka lero.

Titabwerako ndinawafotokozera zonse, za nkhata, za batani, za minibasi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Koma usipawo unakoma."

Analembera achimwene awo kalata. Yankho linabwera ndi munthu wina wapaulendo, pamodzi ndi kiyi watsopano wosadula mano. M'kalatamo anafotokoza kuti mkati mwa mutu wa kiyi muli kanthu kangati njere ya mpunga, kamene galimoto imakazindikira, ndipo popanda iko siilira. Watsopanoyo anali nako, koma panafunika kumuphunzitsa kwa galimoto pogwiritsa ntchito kiyi wakale. Pansi anawonjezera kuti tikangotaya wotsalayo tisanachite zimenezi, galimotoyo tiisandutse khola la nkhuku. Taganizani, kiyi yekhayo ali m'thumba la munthu wotaya choko ali m'kalasi, ine wolondera wake pakamwa patatsekeka.

Mano anakatidulira bambo yemwe uja wa kumsika. Loweruka masana amuna anga anakhala pachiwongolero, kalata ili pamwendo. Malangizo anali akuti alowetse kiyi wakale, aponde moto kasanu, buleki kasanu ndi kamodzi, msangamsanga, atulutse kiyi, alowetse watsopano, apondenso moto kamodzi, n'kudikira kuti kagetsi kofiira kasiye kuphethira.

Vuto linali pa msangamsangapo. Amuna anga ankawerenga ngati akuphunzitsa ana a Sitandade 1. "Kamodzi... kawiri..." kenako n'kuweramira pakalata kuti atsimikize, magalasi n'kutsetsereka, powakweza n'kuiwala pamene analekezera. Ine ndinali pakhonde kupalasa makina, ndikusoka yunifolomu, khutu lili kugalimoto. Chiululireni ndinali ndisanaiyandikire. Koma atalephera kachisanu ndi chiwiri mapazi anga anayamba kuyabwa.

"Abambo, tatulukani," ndinatero.

Anatuluka osafunsa. Ndinavula patapata, ndinakhala pampando umene ndinali ndisanakhalepo chibwerere galimotoyo, ndinafunsa kuti moto ndi uti, buleki ndi uti. Phazi limene lapalasa makina zaka zambirimbiri silifuna kuwerengeredwa. Kasanu apa, kasanu ndi kamodzi apo, ndinasintha makiyi, ndinapondanso. Kagetsi kanayamba kuphethira. Tinakayang'ana tonse awiri, iwo mutu uli pawindo, palibe wopuma. Kenako kanazima. Nditatembenuza kiyi watsopano, galimoto inalira, ine n'kukuwa ngati ndaponda njoka.

Amuna anga anatenga watsopanoyo, wakale n'kundiikira m'manja.

"Uyu ndiye wophunzitsa anzake. Sungani ndinu."

"Ine amene ndinataya?"

"Inu mwataya kamodzi, amayi. Ine ndinasiya kuwerenga."

Ameneyu sindinamutaye. Ndinamusokera kathumba kake mkati mwa chikwama changa.

Nkhani yeniyeni sanauze munthu aliyense, ngakhale ana athu. Ankalola kusekedwa nayo pamisonkhano ya aphunzitsi, n'kumaikometsanso okha. Pamaliro awo mkulu wa mpingo anaikumbutsa, za aphunzitsi amene anakankhitsa anthu galimoto poopa akazi awo, ndipo anthu anaseka misozi ili m'maso. Ndinafuna kuimirira kuti ndiulule, koma sindinatero. Ndiye ndikulemba pano, kuti amene analipo tsiku lija adziwe. Anataya zinthu zambiri amuna anga aja, koma kiyi uja ndinataya ndine.