Ndinapha Antibodi M'thumba la Buluku

Inu owerenga, ndinawononga dala ntchito ya munthu, ndipo mpaka lero mtima wanga sunaphwe pa iyeyo. Chondiwawa n'chakuti mkwiyo wangawo unakagwera wina.

Ndimagwira ntchito mu labotale ina muno mu Lusaka, kwathu ndi ku Kalingalinga. Tinkafufuza chicherechere cha m'mawondo, chija chimaperepeseka munthu akamakalamba. Ine ndinkadula tizidutswa take topyapyala, kutiika pagalasi, n'kudonthezapo mankhwala otchedwa antibodi. Mankhwalawa amakakamira pa kolajeni, ulusi umene umalimbitsa chicherechere, ndipo pamene pali kolajeniyo pamaoneka pofiirira mu maikulosikopu. Ankachokera kunja m'kabotolo kochepa ngati chala cha khanda, ndipo amadana ndi kutentha. Kwacha itagwa, tinauzidwa kuti kabotolo kamene tinali nako n'kotsiriza.

Kafukufukuyo anali wa Ba Mulenga, mayi amene ankafuna digiri yapamwamba. Zaka zisanu manja angawa ndi amene ankawapangira zonse. Tsiku lina kutabwera alendo akunja, Ba Mulenga anandiloza akuseka n'kunena kuti, "Uyu ni wosuka chabe mabotolo." Anawamasulira, alendowo n'kuseka nawo. Ine ndinangomwetulira.

M'mawa mwake ndinatulutsa kabotolo mufiriji n'kukaponya m'thumba la buluku. Ndinayenda nako tsiku lonse, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, madzulo n'kukabwezera pamalo pake. Ndinatero sabata yathunthu. Antibodi akafa saonekera, madzi ake amangokhala mbee ngati kale.

Magalasi onse anatuluka oyera. Ba Mulenga anabwereza, kubwerezanso, mpaka tizidutswa timene odwala anapereka tinatha. Ndinawaona akulira ataweramira maikulosikopu, ndipo ndisaname, ndinakondwa. Tsiku limenelo ndinagula nkhuku.

Akuluakulu anati mankhwala anafera mufiriji chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndiye anafunsa kuti woyatsa jenereta ndani. Anali Ba Tembo, bambo wachikulire wa ku Mtendere, wolera zidzukulu zinayi, amene sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Anawachotsa ntchito ine ndili pomwepo, ndangoti chete. Ba Mulenga anapeza malo kunja, ndipo ndikumva kuti zikuwayendera. Zimandinyansa kwambiri.

Ba Tembo pano amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu umene ndimadzera popita kuntchito. Akandiona amadzuka movutikira n'kundigwira dzanja.

"Mwana wanga, iwe wenze kuniona niyasha jenereta. Ukabauzeko ba bwana."

Ine ndimati ndikawauza.

Abale anga, munthu akakunyozani muyankheni pamaso pomwepo, ntchito ikatha ithe. Kubwezera mobisa kumasiya mlandu wopanda mwini, ndipo mlandu wotere amausenzetsa wosauka amene ali pafupi. Chino n'chaka chachitatu ndikuwalonjeza Ba Tembo, ndipo m'mawa uliwonse amandithokozabe.