Kutsika Phiri Injini Itazima

"Mufuna kundipha chifukwa cha kapu imodzi ya petulo!"

Anali alamu anga akukuwa choncho, ataima pakati pa msewu, chipewa chili m'ngalande, dzanja litagwira m'nthiti. Njinga yanga yamoto, ija ya matayala atatu yokhala ndi bokosi la katundu kumbuyo, inali itatsamira chipupa cha dothi pa kona ina kumunsi kwa damu. Matumba awiri anali atang'ambika, mbatatesi ikugubuduzika pa tala kulowera kutauni payokha. Mabuleki ankanunkha mphira wopserera.

Ndinawauza kuti sanafe, asiye kukuwa. Ndinati ndine ndakhotetsera njinga kuchipupa, akanakhala wina bwenzi tonse tili kuphompho. Iwo anati akanakhala wina bwenzi injini ikulira, giya itagwira, monga akhala akundiuzira chaka chonse. Kenako anawonjeza kuti mlongo wawo ankadandaula zomwezi, kuti ine munthu akandilangiza ndimamva ngati wanditukwana.

Mutu unatentha. Ine mutu ukatentha pakamwa sipadikira.

"Chilamu chinatha tsiku lija munandisudzula," ndinatero. "Pano ndinu kasitomala basi. Ngati simukufuna, tsikani wapansi."

Anatola chipewa, anachikuntha pabondo, n'kuyamba kutola mbatatesi imodziimodzi.

Mkazi wanga anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Tinkakhala kwawo, kuseri kwa phiri, kumene anthu amalima mbatatesi ndi kabichi. Chitatha chaka, abale ake anandikhazika pamphasa, anandithokoza posunga mwana wawo, n'kundiuza kuti ndine mfulu, ndikhoza kupita kukakwatira kwina. Palibe anandilakwira, ndi momwe zimakhalira. Nyumba ndi dimba zinatsalira ana, koma anawo mmodzi ali kubanja ku Lilongwe, wina anapita ku Joni ndipo amaimba foni pa Khirisimasi. Ndinanyamula zovala ndi wailesi n'kukapeza chipinda cha lendi ku Mbedza. Amene analankhula mawu ondisudzula tsikulo anali alamu omwewa, mchimwene wake wamkulu wa malemuyo. Koma ndi iwo okha amene sanasiye kunditchula kuti alamu. Atangomva kuti ndagula njinga, anatsika phiri kudzandiuza kuti Lachiwiri ndi Lachisanu ndizikawatengera mbatatesi yawo kupita nayo kumsika.

Njingayo ndinakaigula ku Blantyre. Wogulitsa anandionetsa pepala lolemba mtunda umene lita imodzi imayenda, ndipo ine, poti ndinafika Fomu 4, ndinawerengera pomwepo n'kuona kuti ndalemera. Amene analemba pepalalo sanafikepo ku Zomba. Anayesera njingayo pamsewu wosalala ngati tebulo, yopanda katundu, woyendetsa wake woonda. Singano yoonetsa mafuta inafa mwezi wachiwiri, ndiye ndinadula kamtengo ka nsungwi, ndinkakaviika m'thanki n'kuyeza ndi zala. Kamtengoko n'kamene kanandiphunzitsa zoona. Kupita ku Songani ndi kubwerera, pa tala, katundu wapakati, zala ziwiri. Kukweza matumba a simenti m'tinjira tokumbika ta ku Mbedza, pafupi pomwepa, zala ziwiri zomwezo. Kukwera phiri wopanda kanthu, giya wani ndi thu njira yonse, zala zitatu, ndipo m'mawa wa mu Juni, nkhungu itatseka, zimapitirira. Tayala likachepa mpweya njinga imamwa mafuta. Ukagula petulo wa m'mabotolo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, uja amasakaniza ndi parafini, imatsokomola n'kumwanso kwambiri. Nthawi ija mafuta anasowa, ndinakhalapo pamzere masiku awiri kuti andithirire theka la thanki. Munthu amene anakhalapo pamzere wotero saonanso petulo ngati madzi.

Kuzimitsa injini potsika ndinaonera a kabaza. Onse amatero. Ukafika pamwamba umachotsa giya, umatembenuza kiyi, njinga imatsetsereka yokha mpaka kutauni. Kungoti yawo imanyamula munthu mmodzi ndi kachikwama. Yanga inkanyamula matumba asanu ndi atatu ndi amuna awiri, ndipo zonsezo zinkatsamira pa mabuleki okha. Alamu ali mnyamata anagwirapo ntchito pa malole otuta mitengo ya paini m'phirimo, ndiye ankati giya imene wakwerera ndi yomweyo utsikire, injini ndiyo imagwira galimoto, buleki ndi wongothandiza. Ndinkawayankha kuti lole ndi lole, ndiponso mafuta a lole ankagula ndi boma. Ankaseka, n'kukhala pamatumba, n'kugwira chitsulo.

Pali china chimene sindinawauzepo. Injini ya njinga imeneyi imasokosa ngati chigayo. Ikamalira sungamve munthu ngakhale akukuwire m'khutu. Koma ikazima, phiri lonse limakhala zii, umangomva matayala ndi madzi m'ngalande. Alamu ankakhala pathumba lakutsogolo, kuseri kwa phewa langa lamanzere, n'kumayankhula njira yonse. Ankanena za anyani amene awathera chimanga, za mkulu wa mpingo amene amagona pa ulaliki wa mnzake, za amene wamwalira ndi amene wathawitsa mwana wa eni. Nthawi zina ankanena za mlongo wawo ali mwana, momwe analumira mphunzitsi dzanja atafuna kumumeta tsitsi, momwe ankabisira mapichesi m'denga mpaka kuwola. Zinthu zimene ine, amene ndinakhala naye zaka makumi awiri, sindinkazidziwa. Ku Mbedza palibe anamudziwa mkazi wanga. Kumeneko ndine "a njinga", bambo uja anakangana ndi eni nyumba chifukwa cha mpopi, uja anatuluka m'komiti ya kutchalitchi atamenya tebulo. Anthu amandipatsa moni ali chiyendere. Pa sabata yonse, nthawi imene munthu ankandiyankhula osati za mtengo wa ulendo inali imeneyo, kuchokera pamwamba kufika pamsika, kawiri. Ndiye ndikamatembenuza kiyi uja ndinkati ndikusunga mafuta, ndipo ndinkakhulupirira ndithu kuti ndi mafuta.

Lachisanu la ngoziyo ankandiuza za ng'ombe ya munthu wina imene inalowa m'tchalitchi. Ndinaponda buleki tikuyandikira kona, phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala. Ndinakoka wa dzanja, palibe. Kuyatsa injini kunalibe nthawi. Kumanja kunali phompho, kumanzere chipupa, ndinasankha chipupa.

Ndinayamba kutola nawo mbatatesi. Amuna awiri otsika ndi njinga zankhuni anaima n'kutithandiza, mmodzi anafunsa ngati pali wavulala, alamu anati ayi. Kunabwera lole ya matabwa, alamu anaiimitsa, anagwirizana ndi dalaivala, ndipo matumba onse, ong'ambika omwe, anasamutsidwa. Ndinagwira nawo kukweza, iwo sanandiletse ndipo sanandiyang'ane. Anakwera pamwamba pa matabwa movutika chifukwa cha nthiti zija, lole n'kunyamuka. Ndinatsala ndi njinga yopindika chitsulo chakutsogolo, kudikira kuti mabuleki azizire. Anyani anatsika m'mitengo kudzatola mbatatesi yotsalira m'ngalande. Ndinawagenda, ndinaphonya. Mabuleki atazizira, ndinatsika pang'onopang'ono mpaka kutauni.

Amene amandikonzera njinga ndi mkulu wina wachisilamu, ali ndi kashedi kuseri kwa msika. Ndinamupeza akutseka kuti apite ku Juma, mapemphero awo a Lachisanu, anandiuza ndidikire. Ndinakhala pa tayala lakale ola lathunthu. Atabwera anamasula gudumu, anandionetsa mabuleki atasalala ngati galasi, n'kufunsa ngati ndimatsika phiri injini itazima. Ndinati si nkhani yake. Anati zoona si yake, koma akufuna adziwe kuti ndimapulumutsa mafuta ochuluka bwanji, mwina nayenso ayambe. Ndinati ochuluka. Anafunsa ngati ndinayezapo. Zoona zake, ndinali nditayeza ulendo uliwonse wa m'Zomba muno kupatula umenewo. Potsika sindinkaviika kamtengo, ndinkati palibe choyeza.

Atamaliza kuika mabuleki ena, ndinachita chinthu chimene munthu wanzeru sangachite. Ndinakweranso phiri masana omwewo, wopanda katundu, wopanda wondituma, kuotcha zala zitatu za petulo kuti ndipeze umboni wokawaonetsa alamu. Ndinkafuna ndikawaikire kamtengoko pamphuno. Pamwamba ndinaimika njinga pamalo osalala, ndinaviika, ndinalemba ndi mpeni. Ndinatsika pa giya thu, injini ikulira, dzanja osakhudza mafuta, ndipo buleki ndinkangomukhudza m'makona. Pafupi ndi msika ndinaimanso posalala n'kuviika.

Kusiyana kwake sikunafike theka la chala. Ndinapukuta kamtengo, ndinaviikanso. Ndinagwedeza njinga, ndinadikira mafuta akhazikike, ndinaviika kachitatu. Chimodzimodzi. Alamu anati kapu imodzi, koma anachita kundikomera mtima.

Mnyamata wa kabaza amene anaima pafupi anafunsa kuti madala mukupima malungo kodi. Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano. Anzake anaseka, ine ndinaliza njinga n'kumapita.

Ndinafika ku Mbedza dzuwa lisanalowe. Akazi a eni nyumba ankachapa pampopi, ataona chitsulo chopindika anatsegula pakamwa, kenako anakumbukira kuti ndine n'kutseka. Ndinalowetsa njinga kumpanda, ndinaimanga tcheni. Ndinawiritsa tiyi, ndinadya ndi buledi wadzulo nditakhala pakhomo. Foni ndinaitulutsa m'thumba kangapo. Nambala ya alamu ndinaipeza, koma pafoni munthu umayenera kuyamba ndiwe kuyankhula, ndipo ine mawu opepesa sindinawazolowere. Mkazi wanga ankati ine ndikalakwa ndimakakonza chitseko chimene sichinathyoke. Ndinaganiza za Lachiwiri likubweralo, kuti ndidzadzuka n'kupita kuti. Ntchito siinali vuto, simenti ndi makala sizitha m'tauni muno. Koma ndinaona kuti akapanda kundiitananso, dzina la mkazi wanga sindidzalimvanso likutuluka pakamwa pa munthu wina. Ndinaonanso kuti ngakhale atandikhululukira, tizidzatsika injini ikulira, iwo kumbuyo, ine kutsogolo, osamvana. Zonse ziwiri zinandiwawa, ndipo panalibe woti ndimukalipire.

Kuphiri kunali kutatsala matumba anayi amene sanakwane Lachisanulo, ndipo ngozi isanachitike tinapangana kuti ndidzawatenge Loweruka. Palibe anathetsa panganolo. M'mawa mwake ndinadzuka kusanayere bwino, ndinawongola chitsulo chija ndi mwala momwe ndikanathera, n'kukwera. Nkhungu inali itatseka kuyambira pakati, magalasi anga ankachita mame, zala zinauma pa chiwongolero.

Pamalo pamene timakwezera katundu ndinapeza matumba anayi aja, akazi a alamu atakhala pamwamba pake atafunda chitenje. Anandipatsa moni wa mlendo. Anati bambo atsika kale wapansi, adzera njira yachidule ya m'mitengo, akukafuna galimoto kutauni. Anati usiku sanagone bwino, nthiti zikuwawa, koma akana kupita kuchipatala. Sanandiuze kuti kwezani, sanandiuzenso kuti siyani. Nditagwira thumba loyamba anadzuka n'kuima pambali.

Ndinakweza onse anayi ndekha, ndinawamanga ndi chingwe. Ndinaliza injini, ndinalowetsa giya thu, n'kuyamba kutsika. Inkasokosa, mawu ake akubwerera kuchokera m'matanthwe, ndipo ndinadziwa kuti aliyense woyenda m'phirimo akuimva. Ndinadutsa pa kona ija, dothi lomwe tinakanda likuonekabe lofiira.

Njira yachidule ija imadula msewu kumunsi kwa mitengo ya paini. Ndinaima pamenepo. Anatulukira amayi atatu atasenza nkhuni, ndinawafunsa ngati aona bambo wachikulire wa chipewa. Mmodzi anati amusiya kumtunda atakhala pamwala, akupuma, wagwira m'nthiti. Ndinatsika panjinga, ndinamasula chingwe, ndinasuntha thumba lakutsogolo kuti pakhale pokhala, ndinayalapo jekete langa. Injini sindinaizimitse. Ndinaisiya ikulira pompo, ikumwa, ine nditaima m'mbali mwa msewu manja ali m'khwapa, maso ali pa kanjira kaja.