Dimba langa ndi zombo za m'telefone

Ine kuwerenga n'kwapang'ono, ee, koma jogo, masewera a m'telefone aja, ndinaidziwa! Anandiphunzitsa ndi mwana wanga wamkazi, profesora wophunzitsa ana pa eskola ku Tsangano, chaka chomwe bondo linandikaniza kukwera kumunda wa kachewere. Anandisiyira telefone yake yakale, amvekere, "Amayi, mangani mudzi umu, musamangokhalira kutukwana nkhuku."

Ndinamanga, ndinamangadi! Tianthu take n'tating'ono ngati nyerere, koma kumvera kwake! Kungokhudza ndi chala, ito kudula mitengo, ito kulima. Ndinamanga mudzi wathu weniweni, uja tinausiya pankhondo pothawira ku Malawi. Nyumba ya amayi anga apa, ya achemwali apo, tchalitchi pamtunda. Ndikumanga, ndikuyimba. Minda ndinaindandalika m'mbali mwa madzi. Nanga dimba amalima pati? Kwathu kuno wopanda dimba kumtsinje ndi mlesi.

Poyamba zombo za adani zinali zopusa. Zinkabwera monyang'wa ngati ng'ombe zotopa pangolo, mpaka kugunda mtunda, asilikali anga a mauta n'kuzilasa, izo mbwii, kumira. Ndinkavina ndili chikhalire.

Kenako eni jogo anaikonza. Akuti anthu anadandaula kuti zombo n'zofooka. Anthu ake ati? Ine sanandifunse. M'mawa wina nditsegula, zombo zaima kutali, pakati pamadzi, zikuponya moto. Mivi ya asilikali anga ikungothera panjira, chubwi, chubwi. Dimba linapsa. Nyumba ya amayi inapsa. Alimi anga anafa makasu ali m'manja, wowapha osamuona n'komwe. Ndinamanganso, zinatenthanso. Katatu konse.

Zoterezi ndinazionapo ndi maso awa. Wokuwombera ali kutali alibe nkhope, ngakhale pomutukwanira palibe.

Loweruka mwana uja atatsika shapa, minibasi yathu ija, ndinamuonetsa phulusa langa.

"Amayi inunso! Mumanga bwanji pamadzi? Samukirani kuphiri, moto wa zombo sufikako."

"Kuphiriko ndikathirira ndi chiyani, malovu?"

"Minda ya m'jogo sathirira, amayi. Kapena pangani zombo zanu."

"Iwe, ine wa ku Tsangano, ndinabadwira m'chisanu, bwato ndinalikwerapo liti?"

Anaseka mpaka misozi. Ine ayi.

"Uwalembere eni akewo," ndinatero, "uta uzifika pomwe moto wawo ukuchokera. Ofuna kuphana aziyandikirana, azionana m'maso."

"Sayankha amenewo, amayi."

"Lemba basi."

Analemba, ine ndikumuuza mawu. Mpaka lero zii.

Ndinapirira sabata ziwiri, kenako ndinasonkhanitsa tianthu totsala, ulendo kuphiri. Ankalondolera ndi mwana yemweyo: nyumba apa, amayi, ina apa, mothinana, mpanda kuzungulira. Mudziwo ulipo, wakula, palibe wafa, profesora akuti tsopano ndadziwa kusewera. Koma mizere yake yowongokayo ine ndikuidziwa. Ndi momwe anatindandalitsira kumsasa wa othawa nkhondo.