Lole ya Alamu Yokwera Phiri Pathebulo

Amuna a achemwali anga anthu onse amawatchula kuti a Magiya. Anayamba kuyendetsa malole akuluakulu ine ndikadali kusukulu, ndipo ntchitoyo inawalowa m'magazi. Ngakhale pokhotera kubafa, amayamba acheuka kaye kuti aone ngati kumbuyo kukubwera china.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Matenda a shuga anawafooketsa maso, ndipo atapita kukapimitsa kuti awonjezere layisensi, tizilembo ta pakhoma la adokotala tinawakana. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde, kumvetsera magalimoto odutsa n'kumawadzudzula.

"Ameneyo akupha kilatchi," ankatero, osakweza n'komwe mutu.

Kenako anasiya ngakhale kudzudzulako, ndipo m'pamene tinachita mantha. Achemwali anandikokera kukhitchini. "Alamu akowa akutha ndikuwaona," anandinong'oneza. "Bola akanamalongolola."

Mwana wawo wamkazi, popita kukayamba ntchito kutali, anawasiyira laputopu yake yakale. Anaikamo gemu yoyendetsa lole, n'kulumikiza kachiwongolero komangirira pathebulo. Alamu anati zimenezo n'zidole. Kutacha tinawapeza akubwerera chammbuyo ndi ngolo, lilime lili kunja.

Vuto linali lakuti laputopuyo inapangidwira kulemba ntchito za kusukulu, osati kusenza simenti. Pachigwa lole ya mu gemumo inkayenda monyinyirika. Ikafika paphiri lina, pomwe mu gemumo mumagwa mvula, chithunzi chinkauma, fani yoziziritsa laputopu n'kulira ngati mwana wolumidwa ndi mavu, kenako zii, laputopu yazima.

"Ndakwera mapiri enieni ndi katundu wodzaza," anatero alamu, "lero ndikanike kukwera kaphiri kojambula?"

Ine ndinaseka, koma nditaona akuiyatsanso kuti ayambirenso ulendo, kusekako kunandithera. Munthuyu ankafuna kudziwa ngati akadali dalaivala.

Ndiye anayamba kuisamala laputopuyo monga ankasamalira lole. Anaikweza panjerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa kunsi. Anaimvetsera khutu lili pafupi, n'kugamula kuti fani yauma. Anabwereka kasikuludiraiva ka makina osokera a achemwali, n'kuitsegula kumimba, n'kupaka fani girizi wa lole wotsala m'chitini chawo.

"Chilichonse chozungulira chimafuna girizi," anatiphunzitsa, akupukuta zala.

Tsiku limenelo pabalaza ponse pananunkha galaja, ndipo lole inafa isanalione n'komwe phirilo.

Ndinawaperekeza kwa mayi wina wokonza makompyuta, m'kashopu kopanikiza kodzaza mawaya. Mayiyo anati tiisiye tibwere mawa. Alamu anakana. Dalaivala sasiya galimoto yokha ndi makanika, kuopa kupeza zitsulo zabwino zasinthidwa ndi zakutha. Anaima pambuyo pake manja kumsana, kumupumira m'khosi.

Atatsegula, mayiyo anapeza fumbi ndi girizi zagwirana ngati phula.

"Bambo, wapaka izi ndani?"

"Imeneyo ndi sevisi, mayi."

"Chonde sevisi yotsatira mudzandisiyire ine. Koma zoikweza panjerwazo musasiye, munakhoza."

Alamu anandiyang'ana monyada, ngati kuti girizi uja anapaka ndine.

Mayiyo anatsuka fani, n'kuwonjezera kachitsulo kotchedwa ramu, kothandiza kompyuta kugwira zinthu zambiri nthawi imodzi. Anachotsanso disiki yakale yosungira zinthu n'kuika yatsopano yothamanga. Alamu anafunsa ngati angaikemo injini yokulirapo.

"Chojambula zithunzi n'chomatirira, sichichoka," anayankha mayiyo. "Injini ndi yomweyi. Chomwe tingachite n'kuichepetsera katundu. Ndichotsa mithunzi ya mitengo ndi kunyezimira kwa madzi."

"Chotsani. Mithunziyo ndinasiya kale kuiona. Mungondisiyira msewu ndi magalasi oonera kumbuyo."

Potuluka anaitanitsa disiki yakale ija, n'kuiika m'thumba la malaya. Chitsulo chochotsedwa chimabwerera kwa mwini galimoto.

Kunyumba sanathamangire phiri. Anati galimoto yongochoka kugalaja imayamba yazolowera. Masiku angapo anayenda pachigwa popanda katundu, pang'onopang'ono, mpaka ine wowonerera tulo tinkandigwira. Ndikadandaula, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Loweruka masana anameta ndevu, n'kuvala malaya awo akale a kuntchito. Anakweza simenti n'kunyamuka. Achemwali anaima pakhomo la khitchini, akupukuta mbale imodzimodzi yomwe inali itauma kale. Mvula inayamba pasikirini. Alamu anatsitsa giya, ine khutu lili kufani. Faniyo inangong'ung'udza. Lole inakwawa, inakwawa, mpaka msewu unagona, kutsogolo n'kuoneka chigwa chimene sanachionepo.

Anapatutsa lole pambali n'kuimitsa bwinobwino. Anasisita chiwongolero. Kenako anadzuka, n'kukoka mpando wina, n'kuuika pambali pa wawo, n'kuupukuta ndi dzanja.

"Make mwana, kwerani."

Achemwali anaika mbale pansi. "Zaka zonsezi ndakuchapirani malaya a paulendo, simunandikwezeko ngakhale kufika pamphambano."

"Kampani inkaletsa okwera."

"Nanga lero?"

"Lero kampani ndine."

Achemwali anaseka, koma misozi ili mbwembwembwe. Anavula epuloni, n'kukonza duku, n'kukhala mwaulemu, manja pamaondo. Ine ndinafunsa ngati pali malo a munthu wachitatu. Alamu anati ndidikire basi.

Anayang'ana pagalasi, n'kulowa mumsewu. Asanafike n'komwe pakona yoyamba, achemwali anali atagwira kale m'mphepete mwa thebulo.

"Chepetsani liwiro, bambo. Ndikufuna ndizione bwino zimene munkaona nokha."