Dothi pa Matabwa a Chisoti

A Bartholomew a ku Mwadzama ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Ndi kalipentala, ndipo akazi awo anamwalira kale. Ntchito anaiphunzira ku mishoni. Anakhoma mabenchi, zitseko ndi mabokosi a maliro mpaka maso atayamba kuchita chidima.

Chaka chotsatana ndi njala ya 1949 analembedwa ntchito pa Boma la Kota Kota, kwa mzungu wogula mpunga amene anthu ankamutcha Chisoti. Nyumba yake inali yakale, pansi pake pa matabwa a mbawa, akuda ndi litsiro la zaka, okandikakandika ndi nsapato. Chisoti anati pakatha milungu itatu kubwera mkulu wake wa pantchito kuchokera ku Blantyre, ndipo adzapeze pansi pakuwala. Pakapanda kuwala, a Bartholomew aona msana wa njira.

Anayambira m'chipinda chodyera. Atagwada pa chiguduli, ankapala thabwa limodzilimodzi ndi chidutswa cha botolo, motsata m'mene mtengo unakulira. Kenaka ankakwecha ndi mchenga wouma wa kunyanja, wosefa. Pomaliza ankapaka phula la njuchi losungunula ndi parafini pang'ono, n'kupukuta ndi bulangete lakutha mpaka mbawa itafiira. Madzi sankawalola. Ankati thabwa la m'nyumba si bwato.

Madzulo ankasiya pakuwala. M'mawa ankapeza pali mbuu, m'ming'alu muli zakuda.

Mtima wawo unagwera pa a Yakubu, khukhi wa panyumbapo. A Yakubu ndiwo ankasunga kiyi wa khomo lakuseri, ndiponso anali ndi mkamwini wosowa ntchito amene akanatha kulowa m'malo mwa a Bartholomew.

"A Yakubu, phulusa lanu layamba kuyenda lokha?"

"Phulusa langa lili kudzala, amisiri. Funsani phula lanulo. Kaya lina likumathera kumsika, ife sitidziwa."

Mawuwo anafika kwa Chisoti. Iye anayamba kununkhiza chitini cha phula ndi kuwayang'ana a Bartholomew m'matumba poweruka.

Tsiku lina a Bartholomew anawaza utuchi pakhomo asanachoke. Kutacha anapezapo mapazi opanda nsapato. A Yakubu ankavala nsapato za matayala, koma zimenezo sizinawasinthe maganizo a Bartholomew. Anati munthu wozolowera kuvula nsapato ku mzikiti sangavutike kuvula pakhomo pa mzungu. Anazinena pamaso pa antchito onse. A Yakubu anangolavula malovu n'kulowa kukhitchini.

Kutatsala masiku asanu kuti mlendo uja afike, a Bartholomew analawirira dzuwa likungotuluka. M'chipinda chodyeramo anapeza mayi Enelesi, otunga madzi ndi kusesa pabwalo, atagwada ndi chibekete cha madzi a dothi lakuda, akupaka matabwa ndi kansanza.

"Achemwali, wakutumani ndani? A Yakubu?"

"Bwana mwini wake. Anati, Enelesi, uzizira pansi m'mawa uliwonse."

"Kuzira? Pa mbawa?"

"Nanga ine ndikanatani? Ndiye ndimachepetsa dothilo, achimwene, poona kuti ndi matabwa."

Nkhani yake inali yotere. Chisoti anafunsa kalaliki wake kuti amayi amatani kuti pansi pa nyumba pasalale. Kalalikiyo anati amazira. Chisoti analemba mawuwo m'kabuku kake, akuyesa kuti kuzira ndi kupukuta.

A Bartholomew anawauza mayiwo kuti aleke. Iwo anakana.

"Inu ndi a Yakubu mukulimbana, ndiye mukufuna wochotsedwa ndikhale ine? Akandiletse mwini wake."

Panalibe njira ina. Chisoti ankanyadira chinyanja chake, ndipo palibe wantchito amene anayesapo kumukonza. A Bartholomew anamupeza pakhonde akumwa tiyi, a Yakubu ataima pambali ndi thireyi. Anavula chipewa.

"Bwana, kuzira ndi kupaka dothi. Amazira nyumba ya udzu. Matabwa sazira."

"Ndani wakuuza kuti ine sindidziwa?"

"Pansipo, bwana."

A Yakubu anakhosomola, makapu n'kugundana pa thireyi. Chisoti anafiira makutu. Tsiku lomwelo mayi Enelesi anauzidwa kuti asalowenso m'nyumba.

A Bartholomew anapalanso chipinda chodyeracho, anachotsa dothi m'ming'alu ndi msomali, n'kupaka phula kawiri. Mawondo anatupa. Mlendo wa ku Blantyre atafika anaima pakhomo n'kufunsa ngati matabwawo anali atsopano.

Lolemba lotsatira Chisoti anati ntchito yatha. Sanatchule za kuzira. Ananena kuti nyumba yake sifuna munthu wa pakamwa. A Bartholomew anatenga chiguduli chawo. Kwa a Yakubu sanapepese, ndipo mpaka lero amati mwina khukhiyo ankadziwa zonse n'kungokhala chete.

Pano ali ku Mwadzama kwa mwana wawo Tabitha. Amasema nkhafi ndi mipini ya makasu.